Makina atachonga ana, anachonganso ine

Chaka chimene ndinapatsidwa kalasi ya biology ya chaka choyamba, mayaro analipo 412. Tsiku loyamba kulowa mu holo muja, ena atakhala pamasitepe, ena ataimirira kumbuyo makope ali m'manja, ndinadziwiratu kuti zochonga ndi bolopeni yofiira zathera pomwepo. M'mbuyomo ndinkathandiza mkulu wina kuchonga mapepala osakwana 200, koma zinkatitengera milungu iwiri, maso ali psuu, usiku kumalota zilembo za ana. Ndiye a hedi a dipatimenti atanena kuti mayeso a chaka choyamba azikhala osankha yankho, a multiple choice aja, ndipo azichongedwa ndi makina, sindinatsutse. Mtima unangoti myaa.

Ndinakonza mafunso 60, lililonse lili ndi mayankho anayi, A mpaka D. Ndinawalemba Loweruka limodzi ndi Lamulungu masana, ndikumwa tiyi, ndikudziona ngati katswiri. Kuti munthu akhoze pepalalo ankafunika kupeza 30.

Makinawo amakhala m'kachipinda kena ku ofesi ya mayeso, ndipo amene amawayendetsa ndi bambo wina wachikulire, wosalankhulalankhula. Nditawapatsa mtolo wa mapepala, sanathamangire kuwaika. Anawagawa timitolo ting'onoting'ono, kalikonse n'kukagogoda patebulo mbali zonse zinayi kuti ngodya zifanane, kenako n'kukapinda pang'ono ndi kuuzira mpweya pakati kuti mapepala asamatane. Unali mwezi wa Okutobala, fumbi lili paliponse, moti anayamba apukuta kagalasi ka m'kati ndi kansalu kamene amasunga m'envulopu. Atatero anatambasula dzanja.

"Pepala la mayankho anu lili kuti, Madam?"

Ndinawapatsa. Linali pepala lofanana ndi la ana, timabwalo 60 nditatidetsa ndekha ndi pensulo. Analiyang'ana kanthawi.

"Ili ndiye lofunika. Mukalakwitsa apa kamodzi, makinawa alakwitsa ka 412 osatopa."

Ndinaseka, n'kuwauza kuti ndaliwerenga kawiri.

Ntchito yeniyeni ya makinawo siichedwa. Chimene chimadya nthawi ndi mapepala amene amawalavula. Wina anafufuta ndi labala yakuda n'kusiya mthunzi, makina n'kuona ngati wasankha mayankho awiri. Wina m'malo modetsa kabwalo anangochongamo ngati akuvota. Wina analemba bwino nambala yake pamwamba koma podetsa timabwalo ta nambalayo anasemphanitsa 6 ndi 9, ndiye malikisi ake akanapita kwa munthu amene kulibe. Awiri anagwiritsa ntchito bolopeni ngakhale tinanena katatu kuti pensulo ya HB basi. Onsewa tinawaika pambali kuti ndiwaone ndi maso.

Tili pakati magetsi anathima, ndipo podikira jenereta ndinawafunsa bambo aja chifukwa chake timalimbikira pensulo. Anandiyankha mwachidule kuti makina ena saona bwino inki, komanso pensulo imafufutika. Madzulo ake ndinakawerenga za nkhaniyi, ndipo ndinapeza kuti mwambo wa pensulowu ndi wakale kuposa makina athuwo. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, mphunzitsi wina wa sekondale ku Michigan, Reynold B. Johnson, anapanga chipangizo chochongera mayeso pogwiritsa ntchito mfundo yakuti graphite, mtima wakuda wa pensulo uja, amadutsitsa magetsi. Kampani ya IBM inagula nzeruyo n'kumulemba ntchito, ndipo pofika 1938 makina otchedwa IBM 805 anali pamsika. Makinawo sankaona chilichonse, ankangomva magetsi akudutsa pamene pensulo yadetsa. Owerenga ndi kuwala, ngati athuwa, anabwera m'zaka za m'ma 1950 kudzera mwa E. F. Lindquist wa ku University of Iowa. Chinandisangalatsa n'chakuti Johnson yemweyo ndi amene pambuyo pake anatsogolera gulu limene linapanga hard disk yoyamba. Ulesi wa mphunzitsi pa kuchonga unatifikitsa kutali.

M'mawa mwake ndinapita kukatenga zotsatira. Ndinkayembekezera fayilo imodzi ya Excel, mayina ndi malikisi, n'kumapita. Bambo aja anandiikira fayiloyo pa flash, kenako anatulutsa mapepala ena atatu m'dirowa.

"Awa ambiri satenga. Amati n'zamasamu. Koma inu taonani nambala 23."

Anali ataizunguliza kale ndi pensulo.

Mapepala amenewa amatchedwa item analysis. Pamenepa wochongedwa si mwana, ndi funso. Mzere uliwonse ndi funso limodzi, ndipo pali manambala angapo. Yoyamba ndi yosavuta: mwa ana onse, ndi angati analikhoza. Ikakhala 0.90 ndiye kuti 90 mwa 100 alionse anakhoza, funsolo ndi lophweka. Ikakhala 0.20 ndi lovuta, kapena pali china chake. Yachiwiri ndiyo yoluma. Kompyuta imasanja ana onse kuyambira wopambana mpaka wotsiriza, n'kutenga 27 peresenti ya pamwamba ndi 27 peresenti ya pansi, apakati n'kuwasiya. Nambala ya 27 imeneyi sinangotoledwa, inachokera kwa Truman Kelley mu 1939, amene anaonetsa kuti pamenepo ndi pamene magulu awiriwo amakhala osiyana mokwanira popanda kuchepa kwambiri. Kwa ine gulu lililonse linali la ana 111. Ndiye pa funso lililonse imafunsa kuti: a pamwamba anakhoza angati, a pansi anakhoza angati? Ikachotsera n'kugawa ndi 111, pamatuluka nambala yapakati pa -1 ndi +1. Funso labwino limakhozedwa kwambiri ndi ana amene akhozanso mafunso ena, choncho nambalayo imakhala monga 0.3, 0.4 kupita m'tsogolo. Ikayandikira ziro, funsolo silikusiyanitsa wowerenga ndi wongoombeza.

Pa nambala 23 panalembedwa -0.37.

Mwa ana 111 a pamwamba, amene anasankha yankho langa, A, anali 38 okha. Mwa a pansi, 79. Kunena kwina, mwana akamadziwa biology kwambiri, m'pamenenso amalakwa funso langali. Ndipo a pamwamba aja sanabalalike ayi, 68 anakaunjikana pa D.

Ndinatsegula pepala la mafunso pomwepo. Funsolo linkati, ndi mitsempha iti imene nthawi zonse imanyamula magazi odzaza ndi okosijeni? A inali arteries, B veins, C mitsempha ya lymph, ndipo D inkati palibe yankho lolondola pa atatuwa. D ameneyu ndinamuika pongofuna kudzazitsa, nzeru zitandithera Lamulungu lija. Vuto linali mawu akuti "nthawi zonse". Pulmonary artery ndi artery ndithu, koma imachotsa magazi opanda okosijeni wokwanira kumtima kupita nawo kumapapo, ndipo amene amabwera nawo atadzaza ndi pulmonary vein. Zimenezi ndinaphunzitsa ndekha, pabolodi, ndi choko chofiira ndi chabuluu. Ana amene anamvetsera anaona msampha umene ine mwini sindinadziwe kuti ndatchera, n'kusankha D molondola. Amene anangoloweza kachiganizo ka ku Fomu 2 kakuti artery ndi magazi abwino, vein ndi magazi oipa, ndiwo anagwirizana nane.

Ndinakhala kakasi. Bambo aja anapitiriza kupukuta makina awo ngati sakuona.

Chimandiopsa mpaka lero n'chakuti pochonga ndi manja sindikanaona zimenezi. Ndikanaika mtanda pa D maulendo onsewo, mwinanso kudandaula ku staff room kuti ana a masiku ano sawerenga. Mwana mmodzi kapena awiri akanabwera kudzafunsa, koma yaro kuti alimbe mtima kugogoda pa ofesi ya lekichala n'kunena kuti Madam mwalakwitsa, si chinthu chapafupi. Ambiri akanangoti kaya, mwina ndine.

Kukonza kwake sikunali kophweka monga ndinkaganizira. Funso limodzi likhoza kuoneka laling'ono, koma panali ana amene anapeza 29 atasankha D, ndiponso ena amene anapeza 30 ndendende atasankha A. Kusintha yankho kukhala D, oyamba aja akhoza, achiwiriwa agwa. Kulichotsa funsolo kuti atsale 59, onse awiri atsala ndi 29, osafika theka. Ine ndinkafuna D yekha, poti ndiye zoona. A hedi anandimvetsera mpaka kumaliza, kenako anandipempha kuti nditsegule zithunzi zimene ndinaphunzitsira sabata yachisanu. Pa chimodzi mwa izo, ndi zilembo zikuluzikulu, ndinali nditalemba kuti arteries amanyamula magazi a okosijeni, osawonjezerapo kanthu. Za pulmonary artery zinabwera sabata yotsatira, pakamwa ndi pabolodi basi.

"Ndiye mwana amene wakhulupirira zimene munalemba nokha timulange?" anatero.

Tinalola A ndi D onse. Mumtima sindinakhutire kwenikweni, chifukwa wodziwa ndi woloweza anatuluka ofanana pa funsolo, koma mlandu unali wanga, sukanalipidwa ndi ana. Bambo a makina anangosintha pakompyuta, osabwerezanso kulowetsa mapepala, ndipo ana 9 amene akanalemba sapu, mayeso obwereza aja, anaoloka.

Nditazolowera kuwerenga mapepala atatu aja, ndinayamba kuona zina zing'onozing'ono. Pa mafunso angapo panali yankho limene sanasankhe ndi mmodzi yemwe, ngakhale mwa a pansi. Yankho lotere ndi lakufa. Funso limaoneka ngati lili ndi njira zinayi pamene zilipo zitatu, ndipo woombeza mwayi wake umakwera kuchoka pa kamodzi mwa kanayi kufika pa kamodzi mwa katatu. Kumbukirani kuti pa mafunso 60 a mayankho anayi, munthu wosadziwa kanthu, wongodetsa C kuyambira pamwamba mpaka pansi, amayembekezeka kutola 15 zaulere. Kumupatsanso mayankho akufa n'kumuwonjezera ndiwo. Kulemba yankho labodza lokopa, lochokera ku kulakwitsa kumene ana amachitadi, n'kovuta kuposa kulemba funso lenilenilo, ndipo tsopano ndimasunga kakope kolembamo zolakwika zimene ndimamva m'kalasi ndi ku labu.

Si zonse zimene pepalalo limanena ndimazitsatira. Funso loyamba analikhoza pafupifupi onse, 0.97, ndipo mwa masamu silisiyanitsa aliyense. Ndinalisiya dala. Mwana wochokera ku sekondale ya kumudzi, amene akulemba mayeso ake oyamba a ku yunivesite manja akunjenjemera, ayambe ndi chinthu chimene akuchidziwa. Palinso nambala imodzi pansi penipeni, KR-20, ya Kuder ndi Richardson a mu 1937, imene imayesa ngati mafunso onse akukokera kumodzi. Yathu inali 0.74, ndipo bambo aja anati si yoipa. Koma nambalayi imakwera ukangochulukitsa mafunso, ndipo siingakuuze ngati ukufunsa zinthu zofunika. Ukhoza kufunsa maina 60 oloweza, KR-20 n'kukhala yokongola, mwana osatha kufotokoza chifukwa chake mtima uli ndi zipinda zinayi. N'chifukwa chake ndinalimbikira kuti malipoti a ku labu tizichongabe ndi manja, ngakhale anzanga ena amandiyang'ana ndi diso la nkhwezule tikafika pamenepo.

Zotsatira zitapachikidwa, mtsikana wina anagogoda pa ofesi mofooka, n'kuima pakhomo osalowa mpaka nditamuuza kawiri. Anapeza 29.

"Pepani Madam, sindikutsutsa malikisi. Ndimangofuna ndione pepala langa, ngati n'zotheka."

Tinalifufuza mu bokosi. Kuyambira 1 mpaka 30 analakwa anayi okha. Kuyambira 31 kupita m'munsi zinali ngati walemba munthu wina. Nditaika chala pa mzere wa 31 ndinaona kuti ndi wopanda kanthu, ndipo pa 60 panali timabwalo tiwiri todetsedwa. Analumpha mzere umodzi, yankho la 31 n'kuliika pa 32, la 32 pa 33, mpaka kumapeto, kumene anazindikira nthawi itatha kale. Makina anachonga molondola zimene anapatsidwa. Item analysis nayo siikanamuona, chifukwa imayang'ana funso pa ana onse, osati mwana mmodzi pa mafunso onse. Nditakweza mayankho ake ndi mzere umodzi, anafika 51.

Sindinasinthe ndekha. Ndinalemba kakalata, n'kumata fotokope ya pepalalo, n'kupita nazo ku komiti ya dipatimenti, kumene anakambirana nthawi yaitali kuposa ya funso 23, ena akuti tikalola uyu mawa abwera khumi. Pomaliza anavomera. Semesita yotsatira ndinapempha bambo a makina kuti fayilo ya Excel izikhala ndi mizati iwiri yowonjezera, malikisi a theka loyamba ndi a theka lachiwiri, kuti zikasiyana modabwitsa ndizitulutsa pepalalo mu bokosi. Anati zimenezo n'zosavuta, kenako anatambasula dzanja kufuna pepala la mayankho anga. Ulendo uno pakona pake panali siginecha ya mnzanga wa physiology, amene ndinamukakamiza kulemba mayeso onsewo ngati yaro, ndi pensulo ya HB, ndisanawapereke kosindikiza.