Musagule makina a khofi musanagule chogayira

Tsopano ndikumwa khofi wabwino kunyumba kwanga, koma njira imene ndadutsa kuti ndifike pano sindingaifunire munthu wina. Ngati muli ndi maganizo ogula makina ophikira khofi, khalani kaye pansi mumve izi ndalama zisanatuluke m'thumba.

Zoti pafunika kapu, madzi ndi moto sindikuuzani, mukudziwa kale. Chimene ogulitsa amabisa n'chakuti makina, kaya akhale odula bwanji, sangakonze khofi amene wagayidwa molakwika. Gulani chogayira kaye. Mawu amenewa ndiwabwerezanso, musatope nane.

Ine ndinalowa m'sitolo ndikufuna chinthu chimodzi basi, khofi wamphamvu wa m'mawa. Mnyamata wogulitsa, wapakamwa potsekemera, ananditengera molunjika pa makina onyezimira a espresso, khofi wochepa koma wamphamvu wophikidwa pokankha madzi otentha mwamphamvu. "Bwana, awa ndi a 15 bar, simudzapitanso kukamwera kwina." Bar ndi muyezo wa mphamvu yokankhira madzi, koma nambala ya 15 ija ndi nyambo chabe. Espresso amaphikidwa pa mphamvu ya 9 bar kapena kufupi ndi pamenepo, ndipo yolembedwa pa katoniyo ndi malire a pampu, osati mphamvu imene imafika pa khofi. Za chogayira sanatchule n'komwe. Anangotola paketi ya khofi wogayagaya pa shelefu n'kuiponya m'jumbo, amvekere uyu ndi yemweyo.

Kunyumba madzi ankangothamanga, kapu kudzadza usanaphethire, khofi wake wosukuluka, wowawasa, kathovu kake n'kuzimiririka kapu isanafike pakamwa. Espresso wolongosoka amatuluka pang'onopang'ono: magalamu 18 a ufa wosalala kwambiri amapereka magalamu pafupifupi 36 a chakumwa m'masekondi 25 mpaka 30. Paketi ija inali ya ufa wokhakhala, woyenera makina a pepala losefera. Madzi akadutsa msanga chotere amangotenga zowawasa zimene zimasungunuka poyamba, kukoma kwenikweni n'kutsalira mu ufa. Ufa ukasalalanso mopyola, madzi amachedwa ndipo khofi amawawa. Ndiye lamulo ndi lophweka: akawawasa gayani mosalalako, akawawa gayani mokhakhalako. Nanga ugaya bwanji pamene chogayira ulibe?

Koma chimene chinandipsetsa mtima kwenikweni si chimenecho.

Patapita miyezi, makina aja anasiya kutulutsa madzi. Ukayatsa ankangolira kuti huuu, dontho ngakhale limodzi osagwa. Ndinawanyamula, lisiti m'manja, kubwerera kusitolo kuja. Kumeneko anati iwo amangogulitsa, zokonza ndi za ofesi ina, ndipite kumeneko. Ndinapempha tchuthi kuntchito, n'kulawirira. Mayi wa pa kauntala anandipatsa kanambala nati ndikhale pa benchi, wokonza watuluka pang'ono. Pang'ono pakepo dzuwa linafika paliwombo. Atabwera, nthawi ya nkhomaliro inali itakwana, anatseka kawindo. Masana atatsegula ndi pamene anandiuza kuti pali ndalama yolipira kuti angowatsegula makinawo n'kuona vuto, ndipo ndalamayo sibwezedwa kaya vuto ndi lawo kaya ndi langa. Ndinati, "Mayi, waranti ikadalipo, onani tsiku pa lisitipa." Iwo osatekeseka, "Pepani bwana, ndi malamulo." Bwanji osandiuza m'mawa muja ndikutenga nambala? Bwanji osalemba pa khomo?

Ndinalipira, nanga n'kutani. Chakumadzulo wokonza uja anatuluka ndi kapaipi kakang'ono m'manja, n'kukaloza pa kuwala. M'kati mwake munali mutadzadza zoyera zouma gwa, zija zimamatirira pansi pa ketulo, kabowo kotsala koti singano yokha ndi imene ingalowe. Anakagogoda pa tebulo, tizidutswa toyera n'kuyoyoka. "Ndi laimu wa m'madzi uyu, waranti sikhudza zimenezi." Kenako anatsegula kabuku ka malangizo chakumapeto, pa timalemba tating'ono toti uwerenge utatsinzina diso limodzi, n'kundionetsa pamene alemba. Kukonzako kunali ndi mtengo wakenso, wapadera. Tsiku lonse latha, ndalama ziwiri zatuluka, khofi sindinamwe.

Ndiye mverani. Makina aliwonse otenthetsa madzi m'kati mwake amasonkhanitsa laimu, makamaka ngati madzi a kwanu ali ndi mchere wa calcium wambiri. Yang'anani mu ketulo yanu, ngati mwayera ndiye kuti makina nawonso adzayera. Muziwatsuka ndi mankhwala ochotsera laimu kapena citric acid miyezi ingapo iliyonse, ndipo werengani kaye kabuku chifukwa opanga ena amaletsa viniga. Lisiti ijambuleni pa foni tsiku lomwelo. Mapepala a malisiti ambiri amafufutika okha, yanga inali itayamba kale kuyera moti mayi aja anaiyang'anitsitsa ngati ndaipeka ndine.

Ndabwerera m'mbuyo, ndimafuna kunena za chogayira. Zilipo za mitundu iwiri. China chili ndi kampeni kozungulira, chotchipa, ndipo chimangodula njere mwachisawawa, zina fumbi zina zibenthu, kapu imodzi n'kukhala yowawa ndi yowawasa nthawi imodzi. Chisiyeni. Tengani cha mano awiri opera, chimene pa katoni amalemba kuti burr grinder, chokhala ndi posinthira kusalala kwa ufa. Chopukusa pamanja chimakwana bwino kwa munthu mmodzi kapena awiri, sichifuna magetsi, kungoti mkono umadziwa kuti wagwira ntchito. Pamodzi ndi chimenecho gulani kasikelo ka kukhitchini. Supuni imanama, chifukwa njere zokazinga kwambiri zimapepuka kuposa zokazinga pang'ono. Muyezo woyambira ndi magalamu 60 a khofi pa lita imodzi ya madzi, kutanthauza magalamu 15 pa kapu ya mamililita 250. Madzi akhale a madigiri 90 mpaka 96, ndiye akawira aphuleni mudikire kamphindi.

Chophikira chimene ndinayamba nacho nditachoka ku ofesi ija ndi French press, kajagi kagalasi kokhala ndi sefa yachitsulo yokankhira pansi. Mulibe pampu, mulibe paipi, palibe choti munthu akakuuzeni kuti waranti sikhudza. Ufa wokhakhala, madzi otentha, mphindi 4, kankhani pang'onopang'ono. Mukatero tsanulani yense, musasiye wina m'jagimo chifukwa amapitiriza kuphikika n'kuyamba kuwawa. Khofi wake ndi wolemera pakamwa, koma pansi pa kapu pamatsala nsenga, ndipo sefa yachitsulo imalola mafuta a khofi kudutsa. M'mafuta amenewo muli cafestol, imene imakweza cholesterol kwa omwa makapu ambiri tsiku ndi tsiku. Pepala losefera limaigwira.

Nsenga zomwezi n'zimene zinatopetsa Melitta Bentz wa ku Dresden mpaka mu 1908 anaboola kachitini n'kuyalamo pepala loumitsira inki la mwana wake wa sukulu. Njira yakeyo ndi imene ine ndakhazikikapo, ngakhale kafanulo kanga ndi ka mtundu wa V60. Mumayala pepala, kulitsuka ndi madzi otentha kuti fungo la pepala lichoke, kuthira ufa wapakatikati, kenako timadzi pang'ono tongonyowetsa. Apa imani masekondi 30 muonerere. Khofi watsopano amafufuma n'kutulutsa tithovu, ndi mpweya wa carbon dioxide umene unatsekeredwa pokazinga. Akangokhala phee osafufuma, dziwani kuti anakugulitsani wakalekale. N'chifukwa chake pa paketi muziyang'ana tsiku limene anakazinga, osati lotha ntchito lokha. Mukatero thirani madzi otsalawo mozungulira, zonse zithe m'mphindi zitatu kapena kupyola pang'ono. Vuto lake n'lakuti umayenera kuimirira pomwepo, ndiponso mapepala ali ndi maonekedwe osiyana, ena osongoka ena a pansi pafulati. Musanagule kafanulo onetsetsani kuti mapepala ake mudzawapeza.

Wofuna khofi wamphamvu, amene ine ndinkafuna poyamba paja, angotenga moka pot, kaketulo ka pa sitovu ka Alfonso Bialetti ka mu 1933. Si espresso weniweni, mphamvu yake ndi 1 kapena 2 bar basi, koma ndi wokhathamira ndipo amagwirizana ndi mkaka. Madzi asapyole kavalavu ka m'mbali, ufa mudzadze koma musatsendere, moto ukhale wochepa, ndipo kakayamba kukhosomola kaphuleni msanga. Chenjerani ndi mawu oti makapu atatu pa katoni, amanena timakapu tating'ono ta espresso, onse pamodzi sadzadza kapu yanu ya tiyi. Ka aluminiyamu sikagwira pa sitovu ya induction. Kalabala ka m'kati kamatha, koma mumasintha nokha osakhala pa benchi ya munthu.

Makina a makapusulo, timakapu totsekedwa tokhala ndi khofi wogayagaya kale, ndi achangu, sindikana. Kungoti mukawagula mwadzimangirira ku makapusulo a mtundu umenewo, ndipo nthawi zambiri kamodzi kamakhala ndi khofi wa magalamu 5 kapena 6 okha. Laimu amawagwiranso chimodzimodzi.

Kodi espresso ndiye woipa? Ayi. Koma amafuna chogayira chabwino kuposa njira zina zonsezi, ndipo nthawi zambiri chogayiracho chimadya ndalama zofanana ndi makina enieniwo. Ngati simungakwanitse zonse ziwiri, gulani chogayira kaye, makina adikire. Anga aja anakonzedwa, ndipo ndi chopukusa changa amatulutsa khofi womweka ndithu, koma ndimawayatsa Loweruka lokha, tsiku limene ndili ndi nthawi yowatenthetsa ndi kuwatsuka.

Za ndalama yongotsegulira ija ndinalemba kalata yodandaula, n'kuikamo chithunzi cha lisiti ndi cha kanambala ka pa benchi. Anandiyankha ndi uthenga wondithokoza posankha katundu wawo, n'kundikumbutsa kuti ndizitsuka makina pafupipafupi.