Mmene ndinasankhira kiyibodi yaing'ono ya waya yotayipira pa Chitakale

Ine ndili ndi kamalo kotayipira ndi kupanga fotokope pa Chitakale pano ku Mulanje, makalata ofunsira ntchito, ma CV, mapulogalamu a ukwati ndi chinkhoswe, mayeso a masukulu a pulaiveti, ndiye mwezi ukamatha amayi a banki m'khonde amabwera ndi kope lawo kuti ndiwaikire mu Excel. Tebulo ndi limodzi lomwelo, pulinta pomwepo, mapepala a makasitomala pomwepo, ndiye kiyibodi imene inabwera ndi kompyuta, ija yaitali ya mabatani 105, imatenga pafupifupi masentimita 45 yokha. Mausi ndinkaigwirira kumapeto kwenikweni kwa tebulo, dzanja lili chitambasukire tsiku lonse, pofika madzulo phewa lamanja kuwawa. Ndiye ndinati ayi, ndipeze yaing'ono.

Ndisanapite kulikonse ndinabwereka tepi kwa atelala apafupi nkuyeza malo amene ndili nawo pakati pa pulinta ndi pomwe ndimafuna mausi izikhala. Inunso yambani ndi zimenezi, chifukwa mu shopu kiyibodi iliyonse imaoneka yaing'ono. Kenako ndinatembenuza bokosi la kompyuta kuona kumbuyo. Yanga ndi Dell OptiPlex yogwiritsidwapo kale ntchito, ili ndi ma USB okwanira, koma makompyuta ena akale ali ndi kabowo kozungulira ka pepo kaja, PS/2, kamene ndi ka kiyibodi, kobiriwirako ndi ka mausi. Kiyibodi zaing'ono zimene mungapeze lero pafupifupi zonse ndi za USB, ndiye ingowerengani ngati pulinta, mausi ndi fulashi ya kasitomala zikalowa patsala bowo lina.

Za waya kapena zopanda waya sindinachedwe nazo. Yopanda waya imafuna mabatire, ndipo amakuthera pakati pa ntchito munthu wa pulogalamu ya maliro akudikira pabenchi, komanso kachidutswa kake kobaya pa USB kaja ndi kakang'ono zedi, pamalo poti anthu amabaya ndi kuzula mafulashi tsiku lonse sikachedwa kulowa m'thumba la wina. Ya Bluetooth ndiye ili ndi vuto lina, nthawi zambiri imayamba kugwira Windows ikatseguka kale, pomwe kuno magetsi akazima mwadzidzidzi kompyuta nthawi zina imadzuka ikufuna udine F1, kapena ufune kulowa mu BIOS, masetingi a kompyuta otseguka Windows isanayambe, ndi F2, apo ya waya ndi imene imayankha. Ndipo desktop siyenda, imakhala pamalo amodzi, ndiye waya akusokoneza ndani?

Pomwe ndinaganizira kwambiri ndi pa kukula, chifukwa mawu oti yaing'ono akubisa mitundu ingapo. Pali imene amati TKL, iyi angodulako mbali ya manambala ya kumanja ija basi, imatsala ndi mabatani 87 kapena 88, m'litali ngati masentimita 36. Mivi ilipo, Delete, Home, End, mzere wa F1 mpaka F12 onse ali m'malo mwawo. Pali 75%, mabatani cha m'ma 84, zonse zilipo koma azipanikiza pamodzi. Ndiye pali 65% imene ilibe mzere wa ma F, ndi 60% ya mabatani 61 imene ilibe ngakhale mivi, sifika nkomwe masentimita 30. Iyi ndi imene anyamata a magemu amaikonda, ili ndi timagetsi tamitundumitundu, pa Facebook imaoneka bho kwambiri. Koma taganizani mukukonza CV ya munthu ali chiimire pambuyo panu akuloza pa sikirini kuti apa mwalakwitsa dzina la sukulu, kuti mutsike mzere umodzi mudine Fn, batani losinthira ntchito ya mabatani ena, pamodzi ndi batani lina, kuti mufufute chilembo chakutsogolo Fn kachiwiri, mu Excel F2 yokonzera selo Fn, F4 Fn, Ctrl+Alt+Delete ndiye zala zinayi. Ine zimenezo ayi. Kwa munthu wotayipira anthu ndikuona kuti TKL ndiye polekezera, 75% ngati tebulo lathina zenizeni, kutsika kuposa apo ndi zoseweretsa.

Nanga manambala a amayi a banki m'khonde aja? Apa ndiye mudzifunse bwinobwino. Ngati ntchito yanu ndi manambala tsiku lonse, monga makalaliki a ku ma esiteti a tiyi olemba makilo a masamba ndi malipiro, musataye mbali ya manambala, funani imene amati 96%, ili ndi manambala koma yopanikizana. Ine manambala ambiri ndi kumapeto kwa mwezi kokha, ndiye ndinasankha kugula kanampadi, kakiyibodi ka manambala okha, kapadera ka USB, kamakhala m'dirowa, tsiku la Excel ndimakatulutsa.

China chimene anthu ambiri sachiona mpaka atafika kunyumba ndi nkhani ya UK ndi US. Yang'anani batani la Enter. Likakhala lalitali lotsika mizere iwiri, imeneyo nthawi zambiri ndi ya UK, pamwamba pa 2 pali " ndipo pamwamba pa 3 pali £, chizindikiro cha @ chili pafupi ndi Enter. Likakhala logona lopyapyala ndi ya US, @ ali pamwamba pa 2. Makompyuta ogwiritsidwapo ntchito amene amabwera kuno ena ndi a UK ena a US, pomwe kiyibodi zaing'ono zotchipa zambiri ndi za US, ndiye ukaphatikiza osasintha mu Windows umadina @ kukutuluka ", imelo ya kasitomala nkukana. Sikuti kiyibodi yafa ayi, ndi setingi chabe, koma zala zinazolowera kale mbali imodzi ndiye ndi bwino kugula yofanana ndi imene munali nayo. Yanga yakale inali ya UK, ndinafuna ya UK.

Pali makasitomala ena, makamaka akuluakulu a mpingo, amene amafuna kuti Malaŵi alembedwe ndi kachipewa pa w. Amene munazolowera kugwira Alt nkudina manambala a kumanja, dziwani kuti njira imeneyo imapita limodzi ndi nampadi, manambala a pamwamba sagwira. Mu Word mutha kulemba 0175 nkudina Alt ndi X, koma samalani, mukalemba Mala0175 Word imatenga a uja ngati gawo la nambala, sizituluka, ndiye lembani U+0175 kapena siyani kaye mpata. Njira yachidule ndi kuika kiyibodi ya United Kingdom Extended mu Windows, mukatero Alt wakumanja ndi 6, kenako w, basi ŵ watuluka.

Nditamaliza kuganiza zonsezi ndinakwera minibasi ya ku Limbe, ya njira ya Luchenza, Thyolo, Bvumbwe. Kuno ku boma ndi pa Chitakale kiyibodi zimapezeka koma zambiri ndi zazitali zomwezija. Ndinanyamula laputopu ya mlamu wanga m'chikwama, chifukwa ndinalumbira kuti sindigula chinthu chosayesa.

Shopu yoyamba mnyamata anandionetsa kakiyibodi kopyapyala ka mabatani ngati a laputopu. Ndinati achimwene, ndiyese kaye. Anayamba zoti bwana bokosi likatsegulidwa ndiye mwagula, ndinati ndiye basi tsalani bwino, apo anatsegula. Ndinabaya pa laputopu, kutsegula Notepad, kuyamba kudina batani lililonse kuchokera pa Esc kupita kumanja mzere ndi mzere. Nditafika pa U, I, O kunatuluka 4, 5, 6, pa J, K, L kunatuluka 1, 2, 3, mnyamata uja maso tuzu kuganiza kuti katundu wake ndi wowonongeka. Sikuwonongeka, tikiyibodi tina tating'ono anabisa manambala pansi pa zilembo, Num Lock ikayaka ndiye zimatero, ukaizimitsa zilembo zimabwerera. Koma kwa ine kameneko kanalephera pa zina, Shift wakumanja anali kakang'ono kogundana ndi muvi wokwera, ndimati ndidine chilembo chachikulu kasa, kamzere kothwanima pa sikirini kaja, akudumphira mzere wapamwamba. Komanso ukakagwira mbali zonse nkukapinda pang'ono kankapindika ngati chigumu chosapsa.

Kwina ndinapeza TKL ziwiri, ina ya mphira mkati, ina ya mechanical. Kusiyana kwake, ya mphira ili ndi kapepala kamodzi pansi pa mabatani onse, ndiyotchipa, siyisokosa, koma batani limodzi likafa palibe chochita. Ya mechanical batani lililonse lili ndi switch yakeyake, kachipangizo kodinika ka pansi pa batanilo, zipewa zake zimazuka ukatsuka fumbi, zimene ndi zofunika pamalo ngati anga a m'mbali mwa msewu, chilimwe fumbi, nthawi ya chiperoni chinyezi mpaka mapepala amamatana mu pulinta. Ndinazula chipewa chimodzi kuona mtundu wa switch. Ya buluu imalira thi thi thi pa chilembo chilichonse, yofiira ndiyofewa yopanda phokoso lambiri koma ukangoikhudza yalemba, ya bulauni ili pakati, chala chimamva kuti yadinika koma siyikuwa. Ine ndimatayipa kasitomala akundiwerengera kalata pakamwa, ndiye ya buluu sindikanamva zomwe akunena. Ndinatenga bulauni.

Ndinayesanso kulemba mofulumira mawu okhala ndi ng' ndi nkh ambiri kuona ngati sikudya chilembo kapena kubwereza, kudina spacebar kumapeto onse awiri osati pakati pokha, kuyatsa Caps Lock kuona ngati pali kagetsi kosonyeza, zina zaing'ono zilibe, ndi kukweza timiyendo takumbuyo kuona ngati sitikugwedera. Waya ndinautambasula, unali ngati mita ndi theka, wokwana kufika pansi pa tebulo pomwe bokosi limakhala, ndipo ndi wozuka wa USB-C, mbewa zikaudya ndingogula waya wina osati kiyibodi yonse. Mtengo tinakambirana monga mwa masiku onse, ine kuchotsa iye kukweza, pomaliza kanampadi kaja anandichepetserako chifukwa ndatenga ziwiri. Ndinalipira pa Airtel Money koma ndinaumirira lisiti yolemba pamanja yokhala ndi tsiku, kuti ikavuta sabata yomweyo ndikhale ndi pogwira.

Kufika pa Chitakale ndinangobaya, Windows inaizindikira yokha osafuna CD kapena intaneti. Ndinalowa mu Settings, Time & language, kuonjezera United Kingdom Extended nkuchotsa ya US imene inalimo, chifukwa zikakhala ziwiri ukagunda batani la Windows ndi spacebar mwangozi zimasinthana osadziwa. Timagetsi ndinazimitsa tonse. Masiku oyamba dzanja linkapitabe kumanja kukasaka Enter wa pa manambala nkugwira mausi, koma lazolowera, ndipo kanampadi tsiku la banki m'khonde ndimakaika kumanzere kuti lamanja lisachoke pa mausi.