Amalimbirana mayina a magemu kukhoti, koma opusitsidwa ndi mayinawo ndi ana athu

Ana a kuno ku Ulongwe mpaka lero akalowa mu baraka yanga yoseweretsa magemu amati "mano tiyikireni FIFA", koma EA, kampani imene inkapanga gemu ya mpirayi, situlutsanso yatsopano ya dzina limenelo. Yomaliza inali FIFA 23. Kampani ya EA ndi bungwe la mpira la FIFA anayenda limodzi kuyambira 1993, nde mu 2022 analengeza kuti akusiyana, chaka cha 2023 gemu ija inatuluka ikutchedwa EA Sports FC 24. Osewera omwewo, matimu omwewo, komando (chogwira m'manja posewera) yomweyo, chinachoka ndi zilembo zinayi basi. Manyuzipepala a ku America analemba kuti FIFA imafuna madola oposa 1 biliyoni pa zaka zinayi zilizonse kuti dzina lake likhalebe pa gemuyo, EA nkuona kuti zakwera. Apa mpamene mungaone kuti kwa anthu amenewa dzina ndi katundu ngati katundu wina aliyense, limagulitsidwa, limabwerekedwa, ndipo amatengerana nalo kukhoti.

Ife amene tinakulira pa PES, gemu ya mpira ya kampani ya Konami, tinaziona kale izi osadziwa chifukwa chake. Mukukumbuka Man Red ndi Man Blue? Konami inalibe chilolezo cha mayina a Manchester United ndi Manchester City nde imangopeka ake, ife nkumakhala usiku wonse kukonza mayina ndi mayunifomu pamanja, ena mpaka kupanga timu ya Songo kapena Chingale kuti kwathu kuonekeko. Kenako zinatembenuka, Konami inagula ufulu wa Juventus yokha, nde mu FIFA 20 timuyo inkatchedwa Piemonte Calcio. Zimenezi ine sindidandaula nazo, dzina ndi la timu, amene walipira ndi amene aligwiritse ntchito.

Chimene chimandiwawa ndi china. Lamulo la marka, kutanthauza dzina kapena chizindikiro cha malonda cholembetsedwa ku boma, linabwera kuti wogula asapusitsidwe. Mlimi wa mbatatesi ku Domue akagula thumba la feteleza lolembedwa dzina la kampani imene amaidziwa, mkatimo muzikhala fetelezayo osati mchenga, ndipo wina asamasindikize dzina lomwelo pa matumba ake. Cholinga chake nchimenecho, ndipo nchabwino. Koma mukatsatira nkhani za magemu muona kuti milandu yambiri imene imamveka sikhala yoteteza wogula ayi, imakhala ya amene ali ndi maloya kuopseza amene alibe.

King, eni ake a Candy Crush Saga, gemu imene azakhali athu amasewera pa foni podikira chapa, anafuna kulembetsa mawu oti Candy ngati awo, komanso chakumapeto kwa 2013 anatsekereza kagulu kakang'ono ka ku Texas kotchedwa Stoic kuti kasalembetse dzina la gemu yawo The Banner Saga chifukwa muli mawu oti Saga. Gemu ya Stoic ndi ya nkhondo, ya anthu akale a kumpoto kwa Europe, ndani angaisokoneze ndi gemu yofananitsa maswiti? Opanga magemu ang'onoang'ono anakwiya mpaka anachita zimene anazitcha Candy Jam, aliyense kupanga gemu ya maswiti dala, ndipo mu February 2014 King inasiya pempho lake la Candy ku America, za Saga anakamvana kunja kwa khoti. Zomwezi zinachitikira Mojang, opanga Minecraft, mu 2011 atafuna kutulutsa gemu yotchedwa Scrolls, eni ake a The Elder Scrolls anawasumira ku Sweden, anamvana mu 2012 kuti Mojang igwiritse ntchito dzinalo koma marka ikhale ya ZeniMax, kampani inawasumira ija. Lero makampani onse awiriwa ali mmanja mwa Microsoft, King nayonso ili momwemo.

Koma nkhani imene ndimafuna muidziwe bwino ndi ya Tim Langdell ndi kampani yake Edge Games, chifukwa apa mpamene dzina ndi chinyengo zinakumana maso ndi maso. Bamboyu anayamba za magemu ku Britain zaka za m'ma 1980, ndipo analembetsa mawu oti Edge. Kwa zaka zambiri aliyense wotulutsa chinthu chokhudza magemu chokhala ndi mawu amenewa amalandira kalata, kaya usinthe dzina, kaya ulipire, kaya uvomere kuti ukugwiritsa ntchito dzinalo mwa chilolezo chake. Mu 2009 kampani yaing'ono ya ku France, Mobigame, inali ndi gemu ya pa iPhone yotchedwa Edge, kabokosi kogubuduzika basi koma yokoma kwambiri mpaka inalandira mphoto, ndipo inachotsedwa pa App Store chifukwa cha dandaulo lake. Taganizani anthu ochepa agwira ntchito yawo bwinobwino, gemu ikugulidwa, mawa lake kulibe, ndalama zaima, ndipo kuti ulimbane naye kukhoti ku America ukufunika ndalama zimene gemu yako sinapangebe. Ambiri pamenepa amangogonja, osati chifukwa alakwa koma chifukwa mlandu ndi wodula kuposa kusintha dzina.

Langdell anakaputa olakwika mu 2010 pamene anasumira EA chifukwa cha gemu ya Mirror's Edge. EA maloya inali nawo, nde anafukula mapepala onse amene Edge Games inapereka ku ofesi ya ma marka ya ku America. Kumeneko kuti marka yako ikhalebe yamoyo umayenera kuonetsa umboni woti ukuigwiritsadi ntchito pa malonda, sungangoisunga mu kabati nkumadikira wina aigunde. Woweruza William Alsup wa ku California, mu October 2010, anakana pempho la Edge Games loti EA iletsedwe kugwiritsa ntchito dzinalo ndipo analemba kuti pali umboni wamphamvu woti zithunzi zina zimene zinaperekedwa ku ofesiyo zinali zosinthidwa, monga chikuto cha magazini chokonzedwa kuti chioneke ngati katundu wawo. Mu 2013 ma marka aja anafafanizidwa. Chilungamo chinachitika eti, koma onani amene anachipeza, ndi kampani ya mabiliyoni. Ang'onoang'ono onse amene analandira makalata zaka zam'mbuyomo analibe mphamvu yofufuza mapepala amenewo, ndipo ofesi ya boma inawalandira osaona vuto. Izi ine zimandipweteka mtima chifukwa ndikudziwa kuti mnyamata wa ku Moatize kapena ku Furancungo atati wapanga gemu yake nkuiika pa Play Store, kalata imodzi yochokera kunja ingamuthere zonse asanayankhe nkomwe.

Mbali inayo ndi pamene dzina ndi zithunzi zokongola zimagwiritsidwa ntchito kukoka ndalama za osewera. Amene mumatsatira za pa kompyuta mukuidziwa The Day Before. Kampani ya Fntastic, ya abale awiri ochokera ku Yakutsk ku Russia, inaonetsa mavidiyo mu 2021 a gemu yaikulu ya pa intaneti, mzinda wonse wotseguka, anthu ambiri kusewera limodzi kulimbana ndi ma zombie, ndipo anthu anaikonda mpaka inakhala nambala wani pa magemu amene anthu akuwadikira pa Steam, sitolo ya pa intaneti ya magemu a pa kompyuta. Kenako mu January 2023 tsamba lake linachotsedwa pa Steam chifukwa cha mkangano wa dzina, kunapezeka kuti munthu wina wa ku South Korea, mwini wa pulogalamu ya kalendala ya dzina lomwelo, anali atalembetsa kale dzinalo ku America. Kampani inati nchifukwa chake gemu ichedwa. Anthu ambiri sanakhulupirire, amati inu mukubisala kuseri kwa mlandu wa dzina chifukwa gemu kulibe, kampani yoti ikupanga chinthu chachikulu chonchi ingaiwale bwanji kulembetsa dzina lake? Gemuyo inatuluka pa 7 December 2023 pa mtengo wa madola pafupifupi 40, ndipo sinali imene inalonjezedwa, mzinda uli mbee, zambiri zosagwira, kaseweredwe kosiyana ndi ka m'mavidiyo aja. Patangotha masiku anayi Fntastic inalengeza kuti ikutseka, ndipo pa 22 January 2024 ma seva anazimitsidwa. Eni ake anakana kuti sanabere munthu, amati gemu yangolephera pa malonda, nde apo aliyense aweruze yekha. Koma chimene ine ndinaona nchoti ogula anabwezeredwa ndalama zawo kudzera ku Steam ndi kampani yofalitsa gemuyo ya Mytona. Anali ndi pokadandaula, panali risiti, panali atolankhani olemba nkhaniyo tsiku ndi tsiku.

Nanga ife kuno?

Kuno chinyengo cha mayina tinachizolowera mpaka sitichionanso ngati chinyengo. PolyStation ija imene imadzadza m'maloja ndi m'misika ya m'malire, bokosi looneka ngati PlayStation, zilembo zofanana, ngakhale chivindikiro chozungulira ngati mulowa CD, koma ukatsegula mumalowa kaseti ndipo mkati mwake ndi makina akale a Nintendo a zaka za m'ma 1980 okopera, kaseti yolembedwa magemu masauzande pamene ndi magemu ochepa omwewo obwerezabwereza. Makolo angati anagula chimenechi atagulitsa chimanga akuganiza kuti mwana amugulira PlayStation? Ameneyu ndiye wogula wopusitsidwa amene lamulo la marka linapangidwira, osati munthu woti angasokoneze maswiti ndi nkhondo. Makomando abodza nawonso ndi omwewo, chizindikiro chilipo bwinobwino koma sachedwa kufa mabatani, ife a mabaraka timadziwa kusiyanitsa ndi kulemera kwake m'manja koma kholo silingadziwe.

Pano zasamukira pa foni. Gemu ya Free Fire ndi imene yagwira ana kuno chifukwa imayenda ngakhale pa foni yotchipa ndipo siidya mamega ambiri, ndipo nayo inasumiridwapo mu January 2022 ndi Krafton, eni ake a PUBG, amati anakopera gemu yawo. Akuluakuluwo akulimbana uko, kuno kwadzadza masamba ndi magulu a pa foni oika chizindikiro cha gemu, dzina la gemu, mitundu yomweyo, nkumalemba mu Chipwitikizi kuti tikugulitsa ma diamante (ndalama za mu gemu) motchipa kapena tikupereka aulere. Mwana wa achemwali anga anapondedwa choncho. Anasunga ndalama za ganyu yonyamula matumba pa msika, anatumiza pa nambala ina pa foni, atatumiza anamuuza kuti apereke imelo ndi pasiwedi kuti ma diamante alowe, anapereka, nambala ija inazima ndipo akaunti imene anaisewerera nthawi yaitali inapita nayo. Mwanayu si wopusa, amakhoza kusukulu, anakhulupirira chifukwa anaona dzina ndi chizindikiro chimene amachiona tsiku lililonse akatsegula gemu. Anabwera ku baraka osafuna kusewera, kungokhala pa benchi, ndipo mayi ake sanawauze msanga poopa kukalipiridwa kuti ndalama amaonongera zibwana. Ndalama zake zinali zochepa kwa munthu wa ku Maputo, koma kwa iye zinali thukuta lenileni.

Malamulo alipo, sindikunena kuti dziko lathu lilibe. Ku Maputo kuli IPI kumene amalembetsa ma marka, kuli nthambi ya boma imene imayendera malonda ndi kulanda katundu wabodza, ndipo Mozambique ndi Malawi onse ali mu bungwe la ARIPO limene likulu lake lili ku Harare, komwe munthu angalembetse dzina kuti litetezedwe m'mayiko angapo. Koma zonsezi zimayenda pamene mwini marka wadandaula kapena katundu wagwidwa pa shelefu. Tsamba la pa intaneti lilibe shelefu, lero lilipo mawa latsegulidwa ndi dzina lina, ndipo mwana wa ku Tsangano amene wabedwa ma metikali ake sadziwa ngakhale khomo loyambira. Ine ndikanakonda makampani amenewa, mphamvu zimene amathera pa kulondola anzawo ang'onoang'ono chifukwa cha liwu limodzi, atazitembenuzira kwa anthu amene akubadi ndi mayina awo, alembe machenjezo mu Chipwitikizi choti mwana amve, ngakhale mu Chichewa momwe bwanji, ndipo pakhale njira yosavuta yoti munthu wopanda khadi la ku banki agule zinthu za mu gemu mosadutsa kwa anthu a pakati osadziwika. Chifukwa chimene chimakankhira ana kwa akuba nchimenecho, njira yoongoka imafuna khadi limene alibe.

Pakadali pano ku baraka ndinamata pepala pafupi ndi TV, lolembedwa m'zilankhulo zonse ziwiri, kuti aliyense wokufunsa pasiwedi ndi wakuba ngakhale atavala chizindikiro cha gemu. Ana ofuna kugula za mu gemu ndimawauza abwere tione limodzi asanatumize kalikonse, ndipo makolo ofuna kugulira mwana makina ndimawauza adzanditenge tipitire limodzi ku loja, ndisegule bokosi pamaso pa wogulitsa ndalama isanatuluke m'thumba.