Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 17: Khirisimasi ya Kuchikamwini

Gawo lapitalo linathera pamene ndinapuma ntchito ya ukalaliki ku esiteti ya tiyi. Lero ndidumpha zaka zingapo ndifike pa Khirisimasi ya 2023, chifukwa ndi imene inabweretsa ana ndi zidzukulu pakhomo pano mwaunyinji umene tinali tisanauone chiyambire ukwati wa mwana wathu womaliza.

Ndikati pakhomo pano, owerenga a kumpoto ndi ena a kuchigawo chapakati amvetse bwino: pano ndi kwawo kwa akazi anga, chakumtunda kwa Chitakale, m'munsi mwa phiri la Mulanje. Ine kwathu ndi ku Thyolo, kufupi ndi Luchenza. Ndinabwera kuno mu 1981 kudzakwatira, anandilozera malo, ndinamanga, ndipo mpaka lero ndine mkamwini. Nyumba ya malata ndinamanga ndine, mapeyala ali kuseriwa ndinabzala ndine, koma dothi limene zaimapo ndi la mbumba ya akazi anga. Akuluakulu ankati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Ine sindinaterereke, komabe mawuwo ndinawamvapo ndili mnyamata ndipo ndimawakumbukira Disembala aliyense.

Chaka chimenecho chinali chowawa. M'mwezi wa Malichi namondwe wa Freddy anagwetsa madzi ndi miyala kuchokera m'phirimu, anthu mazanamazana anafa kuno, ku Phalombe, ku Chiradzulu ndi ku Blantyre. Ife moyo tinapulumuka, koma dimba la akazi anga la m'mbali mwa mtsinje linakwiririka ndi mchenga ndi miyala yoti amuna anayi sangaisunthe. Tisanapume n'komwe, mu Novembala ndalama ya kwacha anaigwetsa ndi 44 peresenti. Shuga, mafuta ophikira, feteleza, zonse zinakwera m'sabata imodzi. Ine ndinkaganiza kuti ana atumiza kandalama pafoni, aliyense adyere kumene ali. Koma mayi awo anakana. Anati, "Bambo, chaka chimene madzi atisiya amoyo ndiye chaka choti ana abwere ndiwaone ndi maso." Pa nkhani ngati imeneyi mkamwini wanzeru amangofunsa kuti mbuzi tigula liti.

Ana anali ndi gulu lawo pa WhatsApp, m'mene ankasonkherana. Wa ku Lilongwe analonjeza mpunga wa Kilombero ndi mafuta. Wa ku Blantyre anati zakumwa ndi zake. Mnyamata wathu wa ku Johannesburg, yekhayo amene sanabwere, anatumiza yake kudzera ku Mukuru n'kunena kuti imeneyo ndi ya mbuzi basi, isapite ku feteleza. Amandidziwa. Ndikanakhala ndekha ndikanagula thumba la feteleza, pakuti Khirisimasi kuno imagwa pakati pa ntchito, chimanga chili m'mawondo, udzu ukufuna khasu, ndipo nkhokwe zambiri zayamba kuoneka pansi. Amene anaika tsikuli pakalendala sankalima chimanga ku Mulanje.

Anayamba kufika Loweruka pa 23. Maminibasi ochokera ku Limbe kudzera msewu wa Midima ankabwera atadzaza mpaka pakhomo, ndipo kuchokera pa Chitakale aliyense ankakwera kabaza wa njinga yamoto, mwana pakati, chikwama kumbuyo, matope m'miyendo. Pofika madzulo nyumba inali itachepa. Atsikana tinawagoneka m'nyumba imene anasiya malemu apongozi anga, anyamata anayala mphasa m'chipinda chosungiramo chimanga, akamwini anzanga awiri tinawapatsa pabalaza. Tiana ta m'tauni tinavuta usiku woyamba. Kupita kuchimbudzi kunja, mumdima, achule akulira, tinkafuna wotiperekeza, ndipo woperekezayo anali ine ndi tochi yanga.

Chimene chinagwirizanitsa zidzukulu za m'tauni ndi za pamudzi ndi ngumbi. Mvula inagwa masana a Lamulungu, ndipo chakumadzulo zinatuluka. Ana a pano anathamangira beseni, anathiramo madzi, n'kuliika pansi pa babu ya sola ya pakhonde. Kamtsikana ka ku Lilongwe, kamene kamayankha Chingerezi ngakhale ukafunse m'Chichewa, kanayamba ndi kukuwa ngumbi itakagwera m'tsitsi. Patapita kanthawi ndinakaona katagwada pamodzi ndi anzake, kakutola ndi manja awiri. Agogo awo anazikazinga pachiwaya ndi mchere, n'kupeta mapiko m'lichero. Kanalawa imodzi katatsinzina, kenako kanati, "Anganga, ndionjezereni." Chichewa chinabwera chokha.

Za kukhitchini ndinganene zimene ndinaona ndili patali, chifukwa kumeneko sindiloledwa. Thobwa anayamba kuphika pa 22, m'mbiya ziwiri zikuluzikulu, ndi chimera cha mawere. Mkulu wawo wa akazi anga, amene amakhala nyumba yoyandikana nafe, anatereka kalongonda, akuti pakhomo pa Alhomwe alendo sangadye mpunga wokha ngati ali ku hotela. Kalongonda safuna munthu wachangu. Amawira tsiku lonse, madzi ake n'kumataya ndi kuthira ena, chifukwa wosapsa bwino amazunguza mutu ndipo akhoza kupweteka munthu. Nkhuni zimene anadya mphika umenewo zikanaphika nsima sabata yathunthu. Ana a m'tauni sanaukhudze n'komwe, koma amayi awo, omwewo amene amavala nsapato zazitali ku ofesi, anaukhalira pansi m'khitchini ndi kuumaliza mpunga usanapse.

Mbuzi anatizingira mnansi wathu wa Chisilamu m'mamawa wa pa 25. Timatero chaka chilichonse kuti aliyense wobwera pakhomo adye mosakayika, ndipo iye amapita ndi khosi. Anyamata anasenda, atsikana anatsuka matumbo kumjigo n'kuwakulunga bwinobwino, ine ndinaotcha chiwindi pamakala n'kugawira tizidutswa kwa zidzukulu zimene zinandizungulira. Nkhuku zinali ziwiri za pakhomo pompano.

Popeza Khirisimasi inagwa Lolemba, tinapita kutchalitchi masiku awiri otsatizana, zimene anyamata ena sanakondwere nazo. Ife ndife a CCAP. Mpongozi wathu wa ku Blantyre ndi Mkatolika, iye anali atapita kale ku Misa ya usiku ndi anzake a m'mudzi. Kwathuko ana a Sande sukulu anachita sewero la kubadwa kwa Yesu. Angelo anavala nsalu zoyala pabedi, abusa anabwera ndi ndodo zenizeni za kubusa, ndipo mwana wakhanda anali chidole chokulungidwa m'chitenje. Koma mwini tsiku anali Herode. Anali mdzukulu wathu wa pamudzi pano, wa sitandade 6, atavala jekete yanga yakale ndi magalasi akuda, akuyenda mimba patsogolo n'kumakalipira anzeru a kum'mawa ngati kapitawo wa m'munda wa tiyi. Amayi a Mvano anaseka mpaka kupukuta misozi ndi mipango yawo. Abusa polalikira anachita kutikumbutsa kuti Herode si munthu womuombera m'manja.

Tsopano nkhani ya nthutumba. Chaka chonse, nkhuku ikaphedwa pakhomo pano, nthutumba imabwera m'mbale yanga. Tsiku limenelo tinakhala amuna patebulo pakhonde: ine, akamwini anzanga, mwana wanga wamwamuna, ndi alamu anga, mchimwene wawo wa akazi anga, amene ana amawatchula kuti atsibweni. Iwo ndiwo mwinimbumba. Amakhala kumene anakwatira, cha ku Muloza kumalire ndi Mozambique, ndipo anabwera pa njinga yakapalasa m'mawa womwewo. Mwana wathu wamkazi woyamba anabwera ndi mbale, anagwada, n'kuika ya nthutumba zonse ziwiri patsogolo pa atsibweni ake. Mkamwini wa ku Lilongwe, yemwe kwawo ndi ku Mzimba kumene amalowola, anandiyang'ana ngati akufuna kundifunsa ngati ndaona. Ndinaona. Alamu anga anatenga imodzi n'kuiika m'mbale yanga, akuti, "Alamu, mbumba yonseyi mwandilerera ndinu." Mawu abwino ndithu, ndipo ananena kuchokera pansi pa mtima. Koma mukawamvetsetsa akunenanso kuti mbumbayo ndi ya ndani.

Madzulo ana anavala zatsopano n'kupempha ndalama zokagulira maswiti pa Chitakale. Ndinalola akuluakulu okha, ndipo ndinati dzuwa lisanalowe akhale atabwera, chifukwa tsiku limeneli njinga zamoto zimayendetsedwa ndi anthu amene ayamba kumwa m'mawa. Wa ku Johannesburg anaimba foni ya vidiyo. Netiweki pano imagwira bwino pachulu cha kuseri kwa khola, choncho banja lonse linakaunjikana pamenepo, foni ikuyenda dzanja ndi dzanja, nkhope yake ikuima n'kuyambanso. Mayi ake anangomufunsa ngati wadya.

M'mawa wa pa 26 mwana wanga wamwamuna ananyamula ana ake kupita ku Chiradzulu, kwawo kwa mkazi wake. Kumeneko ndiye kwawo kwa anawo, ndipo agogo a kumeneko anali atatibwereka tsiku limodzi lokha. Ana amenewa amatchedwa ndi dzina langa kusukulu, kamodzi kali ndi mphumi ngati yanga, koma malo awo, manda awo, ndi wowaweruzira milandu ali ku Chiradzulu. Zimenezi zimandiwawa pang'ono, sindibisa. Sindinenanso kuti mwambowu ndi woipa. Ndaona akazi amasiye m'madera ena akuthamangitsidwa pakhomo maliro asanazizire. Kuno ine nditafa lero, akazi anga sasuntha ngakhale phazi limodzi.

Atangochoka, msonkhano weniweni unayamba pansi pa mtengo wa mango. Ndinazindikira pamenepo chifukwa china chimene mayi awo anaumirira kuti ana abwere. Panakhala akazi anga, abale awo aakazi, ana awo aakazi onse, ndi atsibweni pampando. Ife akamwini tinatulutsa bawo pakhonde, kutali koti tisaoneke ngati tikumvetsera, pafupi koti timve zonse.

Nkhani inali ya malo. Kuno malo ndi ochepa kuyambira kale. Tiyi anayamba kulimidwa ku Mulanje mu 1891, ndipo nthaka yabwino ya m'munsi mwa phiri inapita ku maesiteti. Makolo a akazi anga, monga Alhomwe ambiri, anachokera ku Mozambique n'kukhala pa malo a azungu polipira ndi thukuta la thangata. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 680,000 m'boma lino lokha, ndipo minda sinakule. Munda umene apongozi anga ankalima okha unagawidwa kwa ana awo aakazi, tsopano ukugawidwanso kwa zidzukulu. Dimba litapita ndi madzi, otsala anayamba kuyang'ana kachigawo ka mwana wathu wa ku Lilongwe, kamene kamangomera udzu. Komanso mdzukulu wathu wamkulu anali atapeza mwamuna, ndipo pankafunika pomanga.

Mawu anakwera. Wa ku Lilongwe anati, "Atsibweni, ntchito ya m'tauni imatha. Tsiku limene ndidzabwerere ndidzafikira pati?" Mng'ono wake wa pamudzi anayankha kuti ana ake sangagone ndi njala poyang'anira udzu wa munthu amene amadya za m'shopu. Onse awiri ankanena zoona, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyo inatenga mpaka masana. Mkamwini wa ku Mzimba analephera kupirira, anaimirira pa bawo n'kunena kuti lamulo la malo la 2016 limalola kulembetsa malo a makolo ku boma, bwanji osangolembetsa. Atsibweni anamuyang'ana n'kumufunsa modekha kuti, "Tilembetse m'dzina la ndani, bambo?" Anabwerera pa bawo.

Pamapeto anandiitana ine, osati kuti ndiweruze, koma chifukwa ndinali kalaliki ndipo ndili ndi chingwe choyezera ndi dzanja lowerengeka. Tinayenda m'munda tonse, matope mpaka m'akakolo, ine ndikuyeza, mdzukulu akugwira nsonga ya chingwe, amayi akuloza malire akale pamene pali mitengo ya nandolo ndi chitsa cha mbawa. Anagwirizana kuti kachigawo ka wa ku Lilongwe kakhalebe kake, koma mng'ono wake azilima n'kumamupatsa thumba limodzi pokolola. Mdzukulu anapatsidwa pomanga pamene panali nthochi zimene zinafa ndi matenda. Ndinalemba zonse m'kope, aliyense anasaina, mkulu wawo wa akazi anga anadinda chala ndi inki ya bolopeni. Dzina langa lili pansi penipeni, ngati mboni.

Pa 27 anayamba kubalalika. Aliyense ananyamula zinanazi, mango, mapeyala osapsa ndi kathumba ka nandolo wouma, mwakuti a kabaza anachita kukweza mtengo poona katundu. Ine ndinatsala ndi ntchito yobweza makireti kugolosale, kumene kunapezeka kuti mabotolo atatu a Fanta asowa, ndipo ndinalipira ndine. Awiri tinawapeza m'Januwale popalira, kuseri kwa khola.

Pa 31 ndinakwera minibasi kupita ku Luchenza kukadyera chaka chatsopano kwa mlongo wanga, kumene ineyo ndine atsibweni. Ndinapeza andisungira nkhuku, komanso mlandu wa mphwanga amene anagulitsa munda wa mayi ake kwa munthu wa ku Limbe popanda wodziwa. Umenewo ndi wa gawo lotsatira.