Mawotchi awiri, raundi imodzi ya gofu, makalori osiyana

Loweruka lapitali tinasewera mabowo onse 18 ine ndi mnzanga amene timasewera limodzi pafupifupi sabata iliyonse, tonse wapansi, tonse chikwama kumsana, ndiye titamaliza aliyense anayang'ana wotchi yake. Yanga inati ndawotcha makalori 1,050, yake inati 1,800. Njira tayenda imodzi, nthawi imodzi, matupi sitisiyana kwenikweni, nanga 750 enawo achokera kuti? Zinandizunguza mutu sabata yonse chifukwa ineyo ndinasiya kukwera kangolo kabatire dala, adokotala atandiuza kuti ndichepetseko thupi, ndiye nambala imeneyi kwa ine si yocheza ayi.

Ndinayamba ndi mtunda. Pakakhadi kolembapo masikoro mabwalo ambiri a gofu amakhala makilomita 6 kapena kuposerapo pang'ono, koma umenewo ndi mtunda wa mpira ukamayenda mowongoka, munthu suyenda choncho. Umachoka pagirini, paudzu wosalala pamene pali bowo, kupita poyambira kumenya mpira wa bowo lotsatira, umakhotera kumene kwagwera mpira wa mnzako, umalowa m'maudzu ataliatali kusakasaka wako uku ukupatula ndi ndodo, ukafika pagirini umazungulira kawiri katatu, kunjuta kuona kumene kwapendekera, kudzuka, kupita mbali inayo. Zonsezo zikaphatikizana munthu amayenda makilomita 8 mpaka 10. Foni yanga tsiku limenelo inalemba 9.2 m'maola anayi.

Kenako ndinapeza kawerengedwe kamene kanandikhazika mtima pansi, ndipo sikafuna wotchi. Akatswiri a zolimbitsa thupi ali ndi muyezo wotchedwa MET. MET imodzi ndi mphamvu imene thupi limadya munthu utangokhala phee, pafupifupi kalori imodzi pa kilogalamu iliyonse ya thupi lako pa ola limodzi. Pali ndandanda yotchedwa Compendium of Physical Activities, inayamba kutuluka mu 1993, imene imapereka MET ya ntchito zosiyanasiyana, ndipo ya 2011 imaika gofu yoyenda wapansi utanyamula ndodo pa 4.3, yokwera kangolo pa 3.5. Ndiye umangochulukitsa basi, MET kuchulukitsa ndi kulemera kwako kuchulukitsa ndi maola. Ine ndimalemera makilogalamu 82, ndiye 4.3 x 82 x 4 zikupereka 1,410.

Koma apa mpamene anthu ambiri timanamizika, ndipo ndikufuna mumvetse bwino. M'kati mwa 1,410 ameneyo muli makalori amene ndikanawotchabe ngakhale ndikanagona pampando tsiku lonse, chifukwa mtima umagundabe, mapapo amapumabe, ubongo sugona. Amenewo ndi 82 x 4, kutanthauza 328. Ukachotsa, otsala 1,082, amenewo ndiye a gofu enieni. Taonani mmene ayandikirana ndi 1,050 wa wotchi yanga! Nditam'funsa mnzanga uja kuti anditumizire chithunzi cha apu yake tinapeza kuti yake imaonetsa onse pamodzi, a gofu ndi opuma omwe, pomwe yanga imaonetsa owonjezera okhawo. Chinanso, kulemera kumene analembamo kunali kwa zaka ziwiri zapitazo asanatsike thupi, makilogalamu 9 kuposa mmene alili lero. Wotchi imakhulupirira zimene waiuza, siikuyeza pasikelo.

Ngakhale ukonze zonsezo, wotchi imaphonyabe. Ku yunivesite ya Stanford ku America mu 2017 anayesa zipangizo 7 zovala pamkono, anapeza kuti kugunda kwa mtima zambiri zimayeza bwino ndithu, koma pa makalori yochita bwino kwambiri inkaphonya ndi 27 peresenti, yoipitsitsa 93 peresenti. Ndipo gofu imaisokoneza kwambiri wotchi kuposa kuyenda wamba. Timagetsi tobiriwira tija tapansi pake timawerenga magazi oyenda m'mitsempha, ndiye ukamenya mpira mwamphamvu lamba amasuntha, thukuta lalowa, kuwerenga kwasokonekera. Dzuwa likaswa mtengo mtima umathamanga ngakhale waima, komanso pamene watsala ndi mita imodzi kuti mpira ulowe, anzako ali zii kukuyang'ana, mtima umangoti phaphapha koma miyendo sikuyenda, wotchi nkumaganiza kuti ukugwira ntchito yakalavulagaga. Okankha trole, kangolo konyamulira chikwama cha ndodo, nawo vuto lawo ndi lina, dzanja likagwira chogwirira silikupiza, masitepe ambiri amatayika osawerengedwa.

Nambala ya MET nayonso ndi yapakatikati chabe, izi ndisabise. Bwalo lazitunda si limodzi ndi lachigwa, chikwama chodzaza ndodo zonse 14 zimene malamulo amalola si chimodzi ndi cha ndodo 7, ndipo tsiku limene gulu lakutsogolo likuchedwa mumangoima pa bowo lililonse kudikira, maola amafika asanu koma thupi silinagwire ntchito yowonjezera. Ukachulukitsa ndi 5 tsiku lotero ukudzinamiza wekha. Ine tsiku loterolo ndimawerengabe 4.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi ichi, kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi ndi makalori pafupifupi 7,700. Pa 1,080 raundi iliyonse ndiye kuti maraundi 7 kuti kilogalamu imodzi ichoke, bola usawonjezere kudya. Ukakhulupirira 1,800 umaganiza kuti maraundi anayi akwana, umadya momasuka ukatuluka m'bwalo poti "ndawotcha zambiri lero", mwezi ukutha sikelo ili pomwepo, nkuyamba kunena kuti gofu siithandiza. Mnzangayu anali atayamba kale kuyankhula zobwerera kukangolo chifukwa cha zimenezi, ndipo zinandiwawa, poti kuyendako kukum'thandiza, ine ndikuona ndi maso mmene akukwerera chitunda cha bowo la 14 osaima kupuma ngati kale.

Ndiye panopa ndagula kakope kakang'ono kokhala m'thumba lam'mbali la chikwama. Ndimalembamo tsiku, makilomita a pafoni, maola, ndanyamula kapena ndakankha, kunatentha bwanji, ndi nambala ya wotchi yomweyomweyo pamkono womwewo, lamba womanga bwino chala chimodzi pamwamba pa kafupa kotukuka ka pamkono. Mnzanga wakonza kulemera kwake mu apu, wasinthanso kuti izionetsa owonjezera okha. Loweruka likubwerali tagwirizana kuti mabowo 9 oyamba tinyamula, 9 omaliza tikankha trole, tidzaone kuti manambala asiyana bwanji.