Pamene alembi salola kuti pakhudzidwe

Ntchito yanga ndi yotayipa ndi kupulinta. Kashopu kanga kali pa Kamuzu Road ku Salima, ndipo masiku ambiri zodutsa pa kompyuta yanga ndi makalata ofunsira ntchito, mapulogalamu a ukwati ndi a maliro, mayeso a sukulu zapulayiveti ndi malamulo a banki mkhonde. Ndisanayambe bizinesiyi ndinkaphunzitsa Chichewa ku sekondale, choncho munthu akabwera ndi zolemba zake sindimangotayipa ayi, ndimakonzanso. Sabata yathayi inali ya alembi. Kagulu ka anthu olemba nkhani zopeka kuno kwathu kanasonkherana ndalama kuti katulutse buku la nkhani zazifupi 14, ndipo tinapangana kuti pofika Loweruka likhale lokonzeka kupita kosindikiza ku Lilongwe.

Lolemba linatha ndi kulandira nkhanizo. Ena anabwera ndi makope a ana asukulu, ena anatumiza pa WhatsApp, mmodzi anangobwera ndi mutu wake chifukwa kulemba kumamuvuta. Zokonza za masiku onse zinalipo: r pamene pafunika l, mawu awiri omatidwa pamodzi, ndime yathunthu yopanda mpumiro. Pa zimenezi sitikangana, chifukwa malamulo a kalembedwe alipo. Anawayala a Chichewa Board, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo kuyambira 1996 ntchitoyo ili m'manja mwa Centre for Language Studies ku Zomba. Chovuta chinali utali. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mapepala ndi inki sizigwirika, ndiye gululo linagwirizana kuti nkhani iliyonse isapyole mawu 2,000. Pafupifupi onse anapyola. Ntchito yanga yeniyeni inali kudula.

Ndikamadula nkhani ya munthu ndimayamba ndamufunsa funso limodzi: "Musanachoke, ndilozereni malo amodzi amene simukufuna kuti ndikhudze." Kusukulu timaphunzitsa ana kufufuza mpangankhani wamkulu, pachimake pa nkhani ndi phunziro lake, mwakuti munthu angayembekezere kuti mlembi aloza chimodzi mwa zimenezi. Kawirikawiri chala chake chimagwera pena, pakangodya pamene wowerenga wothamanga angadumphe. Ndipo pamenepo mpamene nkhani imakhala ili moyo.

Lachiwiri m'mawa kunabwera Aphunzitsi opuma ochokera chakwa Khombedza, atavala jekete ngakhale kuti dzuwa la Salima silinyengerera. Nkhani yawo ndi ya mu 1974. Pa 4 Epulo chaka chimenecho ndege ya Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi, itanyamula anthu ochokera kumigodi ya ku Joni, inagwa itangonyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi oposa 70 anafera pomwepo. Zitatero Kamuzu Banda analetsa zoti Wenela izilemba anthu ntchito m'dziko muno. Nthawi imeneyo njanji inkathera ku Salima konkuno. Inafika mu 1935, ndipo ku Lilongwe inakafika mu 1979. Ndiye Aphunzitsi anapeka mayi wina wachitsikana amene wabwera kusiteshoni kudzachingamira mwamuna wake, wavala chilundu chatsopano, sakudziwa kanthu.

Nkhaniyo inayamba ndi masamba awiri a mbiri ya Wenela, olembedwa ngati notsi za pabolodi. Kenaka panabwera mayiyo, kudikira, sitima kufika, uthenga kumveka, kulira. Nditawafunsa funso langa lija, Aphunzitsi sanaloze kulirako. Anatsegula tsamba lachinayi n'kuika chala pa gogo wina wogulitsa chinangwa chophika pasiteshonipo. Gogoyo wamva kale za ngoziyo pa wailesi ya mnyamata wa matikiti, ndipo wazindikira kuti mayi wachilunduyu akudikira ndani. Sakumuuza. Akungochedwa dala kuwerenga chenje, tambala imodziimodzi, kulakwitsa, kuyambiranso, kumufunsa za ana, kumuonjezera kachinangwa kena, kuti mayiyo akhalebe mkazi wa munthu kwa mphindi zingapo.

"Ameneyo ndi mayi anga, mwanangu," anatero Aphunzitsi. "Za ndegezo sizinawachitikire, ndapeka. Koma kawerengedwe ka chenjeko n'kawo. Akafuna kukusunga pafupi ankatero."

Ndinawauza kuti masamba awiri oyamba aja achoke, patsale ziganizo zitatu zokha, ndipo gogoyo abwere kumayambiriro kuti wowerenga adziwe zimene mayi wachilundu sakudziwa. Anadandaula kuti ana amakono sadziwa Wenela. Ndinati, "Aphunzitsi, akamumvera chisoni mayiyu adzafunsa okha." Anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali, kenaka anati ndidule. Mwa nkhani zonse 14, iyi ndi imene ndikuiona kuti idzakhalitsa.

Lachitatu magetsi anazima kuyambira m'mawa, ndipo linali tsiku labwino lokhala ndi madala aja obwera ndi mutu wawo. Ndi msodzi wakale wa chakwa Makanjira, anagwira usiginala zaka zambiri, uja woyang'anira nyali pokoka usipa usiku. Tinakhala pakhonde, iwo akusimba, ine ndikulemba ndi bolopeni. Nkhani yawo ndi ya mnyamata amene anazembetsa kachasu kupita naye pa chilumba cha Mbenji. Amene amadziwa Mbenji akudziwa kuti pamenepo malamulo ndi a mfumu: mowa saloledwa, akazi safikapo, ndipo chilumbacho chimatsekedwa nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka chitatsegulidwa mu Epulo, kuti nsomba ziswane. Mnyamatayo agwidwa, athamangitsidwa, ndipo pobwerera kumtunda akumana ndi mwera ali yekha m'bwato.

Atafika pa mwerawo madala anasiya nkhani. Anayamba kufotokoza mmene nyanja imasinthira mtundu mphepo isanafike, mmene bwato limayambira kugunda mosiyana pansi pa matako, mmene umagwirira nkhafi kuti funde lisakupeze cham'mbali, ndi chifukwa chake munthu wanzeru amataya nsomba m'madzi msanga m'malo modikira kuti bwato lidzaze. Dzanja linandiwawa. Zinakwana tsamba ndi theka, ndipo mnyamata wa kachasu uja sanatchulidwemo n'kamodzi komwe.

Sindinafunikire kufunsa, koma ndinafunsabe. "Mayi, zina zonsezo aliyense angapeke," anatero. "Izi zokha n'zimene munthu wa kumtunda sangalembe." Buku la malamulo a kalembedwe lingati pamenepa nkhani yaima. Ine ndikuti pamenepa mpamene wowerenga wa ku Mchinji kapena ku Ntcheu adzalowe m'bwatomo. Ndinasiya tsamba ndi thekalo lonse, ndinangobwezeramo mnyamatayo m'malo angapo kuti nkhafi ikhale m'manja mwake, ndipo ndinafupikitsa mlandu wa pabwalo la mfumu umene unkangobwereza zimene tamva kale.

Madzulo ake, magetsi atayaka, kunabwera mtsikana wa Fomu 3 ali mu yunifolomu. Nkhani yake ndi ya mwana wamasiye amene azakhali ake akufuna kumukwatiwitsa kwa wogula mpunga. Nkhani zotere zachuluka, makamaka chisinthireni malamulo aakulu a dziko mu 2017 kuti ukwati uziyambira zaka 18, ndipo zambiri zimafanana: mtsikana wabwino, wachibale woipa, mphunzitsi wopulumutsa. Iyinso inali choncho, kupatula azakhaliwo. Mayi ameneyo ali ndi pakamwa. Akamanena za mtengo wa feteleza, za ngongole ya maliro a mchimwene wake, za anthu a mabungwe amene amabwera ndi galimoto n'kupita dzuwa lisanalowe, umayamba kuchita manyazi kuti ukumumvetsa.

"Madamu, azakhaliwo musawakhudze," anatero mtsikanayo ndisanamalize n'komwe funso. "Akamayankhula iwo ine ndimangolemba. Mtsikana wabwinoyo ndiye amanditopetsa."

Zimenezi ndazimva kwa alembi ambiri, kuti amene amamukonda kwambiri m'nkhani ndi woipayo, chifukwa ndi yekhayo amene amamulola kunena zonse. Ndinamuuza kuti zikuoneka, ndipo ndicho chilema cha nkhani yake: wamasiyeyo alibe liwu, amangolira. Ndinamupempha kuti apite akamupatse malo amodzi oti ayankhe azakhali akewo mwaukali, ngakhale mwamwano. Anabwera nazo m'mawa mwake asanalowe m'kalasi, zitalembedwa kuseri kwa pepala la masamu.

Musaganize kuti chilichonse chimene mlembi amakonda ndimachisiya. Lachinayi ndinalimbana ndi Atcheya a gululo. Iwo amakonda miyambi. M'masamba asanu ndinawerengamo 31. Munthu akagula malaya, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Akasochera njira, safunsa anadya phula. Akasunga ndalama, tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Mwambi uliwonse ndi woona, koma nkhaniyo inali ngati ndiwo zimene aliyense wodutsa pamoto wathiramo mchere. Nditawafunsa malo oti ndisakhudze anati, "Miyambi yonse. Chichewa chathu chikutha, mayi."

Kusiyana kwake n'kwakuti Aphunzitsi aja analoza munthu, madala analoza chinthu chimene anachiona ndi maso, mtsikana analoza liwu limene amalimva m'mutu. Atcheya analoza chinthu chimene chingachoke m'nkhani yawo n'kukalowa m'nkhani ya wina aliyense popanda kusintha kanthu. Sindinawauze choncho, ndi akulu. Ndinangowawerengera tsamba loyamba mokweza momwe analilembera, kenaka ndinaliwerenganso nditasiyamo mwambi umodzi wokha, wotuluka pakamwa pa nkhoswe pa nthawi yoyenera. Anakhala chete, kenaka anati, "Musiyeko isanu." Tinagwirizana inayi.

Tsiku lomwelo Atcheya anafunanso kuti ndiwongole nkhani ziwiri za anzawo. Ankati azakhali a mtsikana uja alape kumapeto kuti pakhale phunziro, ndipo ankati nkhani ya mnyamata wina wakabaza ilembedwe m'Chichewa cha m'buku chifukwa yadzadza chiyankhulo cha padepoti. Za azakhali ndinakana, mwini wake anakana kale. Za wakabaza tinagawana: mawu a wofotokoza nkhani atsate malamulo, koma zimene anyamata akuyankhulana poyembekezera makasitomala zikhale momwe zilili. Mnyamatayo atabwera kudzaona anakhala pa mpando wa makasitomala n'kumawerenga zokambirana zakezo mokweza, kusintha mawu pa munthu aliyense, kudziseka yekha mpaka anthu odikira fotokope anayamba kuseka naye. "Masteni, apa pokha ndiye ndinaphapo," anatero. Nkhani yake ndi yosalimba kwenikweni, mathero ake ndi othamanga, koma khutu ali nalo, ndipo khutu siliphunzitsika.

Lachisanu ndinalitha ndili chiweramire pa kompyuta: kuika manambala a masamba, kulinganiza mitu, kusaka mitengero yotsegulidwa koma yosatsekedwa. Alembi otsalawo ndinayankhula nawo pa foni. Wina amakonda chiganizo chake choyamba, wina dzina limene anapatsa galu wa m'nkhani yake. Namwino wina, amene amalemba pa foni akakhala pa ntchito ya usiku, anandiyankha ndi voisi kuti amakonda mathero. Poyamba anakonza zoti mayi wa m'nkhani yake amwalire pobereka, ndipo zonse anaziyala kuti zifike pamenepo, koma atafika pa tsamba lomaliza zala zinakana. Mayiyo anadzuka n'kupempha phala. "Achemwali, inenso sindinkadziwa kuti achira," anatero. Kwa munthu amene ntchito yake simulola kusankha amene achire, ndinamva chifukwa chake ndime imeneyo sangaigulitse. Ndinangomupempha kuti tichotse maloto a maliro amene anali pa tsamba lachiwiri, chifukwa ankalonjeza imfa imene sikubweranso.

Loweruka gulu lonse linadzadza m'kashopu, ena anaima pakhomo. Panabuka mkangano wa nkhani yoyamba m'buku. Ena ankati ya Atcheya poti ndi atcheya, ena ankati titsate zilembo zoyamba za maina. Atandifunsa ndinati ya Aphunzitsi, chifukwa munthu wotsegula buku m'sitolo amawerenga tsamba loyamba lokha asanaganize zotulutsa ndalama. Anavota, ndipo zinatero. Ndinawakumbutsa kuti nambala yozindikiritsa buku, ya ISBN, imatengedwa ku National Archives ku Zomba, ndipo asapite kosindikiza asanaipeze. Ndinaika bukulo pa flashi, ndinapulinta kope imodzi yoti aliyense asayine pa nkhani yake kuti waivomereza, ndipo msungichuma anandilipira theka pa Mpamba, lotsalalo akuti mwezi ukatha.

Ndikutseka shopu foni inalira. Anali Atcheya, ali kale pa minibasi ya ku Senga Bay. Akuti aganizira bwino, miyambi iwiri mwa imene tinachotsa ija ibwerere. Ndinayatsanso kompyuta n'kuona kuti pa tsamba lawo lomaliza patsala malo a mzere umodzi wokha, ukapyola pamenepo buku lionjezera pepala. Ndinawauza kuti asankhe umodzi. Anati andiimbira Lolemba akafunsa akazi awo.