Mmene ndinapezera bolsa ya ku Mangalande ndili ku Angónia

Kalata yondikana inandipeza mu Febuluwale, chaka cha sukulu chitangoyamba kumene, ndikulemba mayina a ana a kalasi 9 m'kaundula. Inalembedwa mwaulemu kwambiri moti ndinaiwerenga kawiri ndisanamvetse kuti akundiuza kuti zakanika. Ndinabweza foni m'chikwama n'kupitiriza kulemba mayina aja, koma dzanja linkanjenjemera.

Ndimaphunzitsa Chingerezi pa sekondale ina m'boma la Angónia, ku Mozambique. Thandizo loti munthu akapitirize maphunziro kuno timalitchula kuti bolsa, pomwe anzathu a tsidya la Dedza amati sikolashipu. Imene ndinkaifuna ine ndi ya Chevening, ya boma la Britain, yomwe inayamba mu 1983. Amakulipirira digiri ya masitazi ya chaka chimodzi, ndege, viza ndi ndalama zodyera mwezi ndi mwezi, koma iwe umalonjeza kuti ukamaliza ubwerera kwanu n'kukhalako zaka zosachepera ziwiri. Ilipo inanso ya aphunzitsi a Chingerezi okhaokha, ya bungwe limene A. S. Hornby anakhazikitsa mu 1961. Hornby yemweyo ndi amene anayambitsa dikishonale ya Oxford ya anthu ophunzira Chingerezi, ija yatha zikuto m'zipinda zathu za aphunzitsi. Ndiponso popeza Mozambique inalowa m'bungwe la mayiko la Commonwealth mu 1995, tili ndi khomo la mabolsa a kumeneko. Ine ndinatsata ya Chevening mpaka kumapeto, ndiye ndi imene ndifotokoze.

Chaka choyamba chija ndinadzigwetsa ndekha. Fomu amaitsegula pa intaneti mu Ogasiti n'kuitseka mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, kutengera chaka. Ine ndinaiyamba kutatsala masiku anayi. Mbali yoyamba ndi yosavuta: dzina, maphunziro, ndi ntchito imene wagwira, yomwe iyenera kukwana maola 2,800, kutanthauza pafupifupi zaka ziwiri. Kwa mphunzitsi amene wakhala pa choko zaka zingapo, maolawo amakwana popanda vuto. Pamene pali nkhondo ndi pa nkhani zinayi zimene umalemba: ya utsogoleri, ya mmene umamangira ubale ndi anthu pa ntchito, ya chifukwa chimene wasankhira maphunzirowo, ndi ya zimene udzachite ukadzabwerako.

Ndinalemba zonse usiku umodzi, ndi Chingerezi chija timasungira alendo. Mawu ataliatali, ziganizo zopiringizika, zoti maphunziro ndi chitukuko cha dziko, zoti ndine munthu wokonda ana. Ndinkaganiza kuti akufuna aone ngati ndimachitha chiyankhulo chawo. Nditaziwerenganso patapita miyezi, ndinaona kuti mphunzitsi aliyense wa ku Niassa, ku Zambia kapena ku India akanatha kusainira pansi pake. Munalibe mwana ngakhale mmodzi wa m'kalasi mwanga.

Chaka chachiwiri ndinayamba mu Juni, kuzizira kwa Ulónguè, likulu la boma lathu, kuli pakati, fomu isanatsegulidwe n'komwe. Ndinagula kope la masamba ambiri n'kumalembamo zimene ndachitadi pa ntchito, zazing'ono zomwe. Apa ndi pamene ndinazindikira kuti chinthu chimene ndinkachita nacho manyazi ndicho chinali chuma changa.

Ana athu amaphunzira Chingerezi kudzera m'Chipwitikizi, chomwe nachonso si cha kunyumba kwawo. Mwana amayenera kuwoloka mitsinje iwiri kuti afike pa liwu limodzi. Ine ndinatopa nazo, ndiye tsiku lina ndinalowa m'kalasi nditanyamula supuni, buku, sopo ndi foloko. Ndinafunsa m'Chichewa kuti ichi n'chiyani. Onse anakuwa: "Supuni!" Ndinalemba liwu la Chingerezi pa bolodi n'kuwauza kuti alitchule. Kunali chete pang'ono, kenako mtsikana wina wa kumbuyo anati, "Aphunzitsi, ndiye kuti Chingerezi timachidziwa kale?" Kuyambira tsiku limenelo tinayamba kutolera mawu otere m'kope: tebulo, shati, basi, buledi, sukulu, sitolo. Tinatsegulanso tsamba lina la mawu amene Chichewa chinatenga ku Chipwitikizi, monga nsapato, kalata, mbatata ndi makina. Ana a m'malire, amene amamvera wailesi za ku Malawi ndi kukagula zinthu ku Dedza, anasanduka akatswiri a kalasi. Ena mwa iwo anali aja sankatsegula pakamwa chaka chonse.

Ndinkabisa zimenezi poopa kuti anzanga ati ndikuphunzitsa Chingerezi m'chilankhulo cha kumudzi chifukwa chenichenicho chikundivuta. Koma ndi zimene ndinaika pa nkhani ya utsogoleri: vuto linali lotani, ndinachita chiyani, aphunzitsi angati anatengera njirayo, ndipo zinasintha bwanji pa mayeso a kalasi yanga. Manambala ndinawatenga m'mapepala a zotsatira amene ndinasunga, osati m'mutu.

Panali chinanso chovuta chimene sindinkachiyembekezera. Ife tinakula tikumva kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo munthu wolongosoka akamanena za ntchito amati "tinachita". Mnzanga wina amene ndinamupatsa kuti awerenge anazungulira ndi cholembera chofiira paliponse pamene ndinalemba "ife", n'kundifunsa kuti, "Amayi, pamenepa inuyo munachitapo chiyani?" Ndinamva ngati akundiuza kuti ndikwere pachulu ndizidzitama. Koma oweruzawo sakupereka bolsa ku sukulu yonse, akupereka kwa munthu mmodzi, ndipo akufuna adziwe dzanja lake linagwira pati. Ndinasintha, ngakhale mpaka lero ndikawerenga nkhani ija ndimamva kutentha kumaso.

Pa fomu umasankha makosi atatu. Ine ndinayang'ana a kaphunzitsidwe ka Chingerezi kwa anthu a zilankhulo zina, amene amawatchula kuti TESOL. Amapezeka m'mayunivesite ambiri, monga Warwick, Exeter, Leeds, Lancaster ndi Edinburgh. Ambiri amagwa apa: kutchula kosi pa fomu ya bolsa si kupempha malo ku yunivesite. Malo umakapempha padera, ku yunivesite iliyonse payokha, ndipo pofika mu Julayi umayenera kukhala ndi kalata yokulandira yopanda mawu oti "pokhapokha". Ndinatumiza fomu ya bolsa kutatsala milungu iwiri, usiku, nditakhala pakhonde pomwe netiweki imagwira bwino, nditafunda bulangete.

Tsopano mapepala. Satifiketi ya digiri yoyamba (licenciatura) ndi pepala la magiredi zonse zili m'Chipwitikizi, ndipo magiredi athu ndi a 0 mpaka 20. A ku Britain amafuna zomasuliridwa m'Chingerezi ndi womasulira wolumbira, yemwe kuno timati tradutor ajuramentado, zokhala ndi chidindo chake. Kudzimasulira wekha, ngakhale uli mphunzitsi wa Chingerezi wa zaka khumi, sikuwerengedwa. Ndinajambulitsa mapepala, kukawatsimikiziritsa kwa notário, mkulu wotsimikizira zikalata, n'kuwatumiza.

Womasulirayo ndi amene anaona chimene ine ndinakhala nacho moyo wanga wonse osachilabadira. Mayina athu Apwitikizi ankawalemba mwa njira yawo: pamene ife timalemba "ny" iwo amaika "nh", pamene pali "w" amaika "u". Dzina la makolo anga pa BI, chitupa chathu cha unzika, linalembedwa mwa Chipwitikizi, koma pa satifiketi ina munthu wina kalekale analilemba mwa Chichewa. Kwa ife ndi dzina limodzi. Kwa munthu wokhala mu ofesi ku Britain amenewo ndi anthu awiri. Ndinayenda maulendo atatu pa minibasi, imene kuno timati chapa, kupita ku Tete, mtunda wopitirira makilomita 200, kuchoka kozizira kwathu kukapsa ndi dzuwa la m'mbali mwa Zambezi, kuti mapepala onse agwirizane ndi BI ndisanakapangitse pasipoti. Ulendo wachiwiri ndinangopita kukamva kuti wosaina kulibe. Ngati muli ndi maganizo ofunsira bolsa iliyonse, tulutsani mapepala anu lero, muwayale pamphasa, muwerenge dzina lanu chilembo ndi chilembo.

Kenako IELTS, mayeso oyesa Chingerezi cha munthu. A Chevening okha safunanso mayeso a Chingerezi, koma mayunivesite amafuna, ndipo kwa ife amene tinaphunzira m'Chipwitikizi palibe kothawira. Makosi ambiri a masitazi amafuna 6.5 kapena kuposerapo pa muyeso wofika 9, ndipo zotsatira zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha. Ndinkadziwa kuti amalembera ku Maputo, ndipo ndinali nditayamba kale kuwerengera ndalama za ulendo wa makilomita opitirira 1,500. Bambo a ana ndi amene anandifunsa tikudya kuti, "Kodi ku Lilongwe salembetsa?" Ndinaima ndi mbamu m'manja. Amalembetsa. Ndinadutsa pa chipata cha malire cha Calómuè m'mamawa, masana ndinali nditafika kale kwa asuweni anga ku Lilongwe. Mayesowo ndi amodzimodzi kulikonse, koma onetsetsani kuti mwalembetsa a Academic, osati a General Training, ndipo chiphaso chimene mwalembetsera ndi chomwecho mukalowe nacho.

Ndisabise, ndinawapeputsa. Ndinkati munthu wophunzitsa Chingerezi tsiku ndi tsiku angaope chiyani. Nditayesa mayeso akale kunyumba, wotchi ili patebulo, ndinadzichepetsa msanga. Mbali yomvetsera ili ndi mafunso 40 ndipo mawu amamveka kamodzi kokha. Ukangoti ndiganizire funso lapitalo, awiri akudutsa. Yowerenga ndi ola limodzi, mafunso 40, nkhani zitatu zazitali. Yolemba ndi ola limodzinso: ntchito yoyamba mawu osachepera 150 kufotokoza tchati kapena chithunzi, yachiwiri mawu osachepera 250 kupereka maganizo pa nkhani. Yoyankhula ndi mphindi 11 mpaka 14, ndipo imeneyo ndiyo ndinaikonda. Yolemba ija inandivuta chifukwa Chipwitikizi cha kusukulu chinatiphunzitsa kuzungulira kaye tisanafike pa mfundo, pomwe iwo amafuna mfundo pa chiganizo choyamba. Ndinayeserera miyezi iwiri, m'bandakucha ana asanadzuke. Ndalama yolembetsera inameza malipiro a mwezi, ndipo mbatata ya kachewere imene tinakolola chaka chimenecho inathera pomwepo.

Mu Febuluwale wotsatira uthenga unabwera wosiyana ndi uja: andiitana kukayankha mafunso. Nthawi imeneyi ndi pamene amafuna satifiketi ya digiri ndi makalata awiri a anthu okuchitira umboni, olembedwa m'Chingerezi. Ndinapempha a Direkitala a sukulu yathu ndi mphunzitsi wanga wa ku yunivesite. A Direkitala anati, "Aphunzitsi, lembani nokha, ine ndingosaina." Ndinakana mwaulemu. Tinakhala pansi masana ena, iwo akunena zimene aona pa ntchito yanga, ndipo anatchula zinthu ziwiri zimene ine ndinali nditaiwala.

Mafunso ndinakayankhira ku Maputo, ku ofesi ya kazembe wa Britain. Ndinakwera basi, kudzera ku Chimoio ndi Inchope, kuwoloka mtsinje wa Save, mpaka miyendo inatupa. Wokhala ndi ndalama akwere ndege pa bwalo la Chingodzi ku Tete. Mafunso ake amatsata nkhani zinayi zija, ndiye wolembetsa nkhani zake kwa wina amagwidwa pomwepo. Atandifunsa za utsogoleri ndinafotokoza za supuni ija. Mmodzi anaseka, n'kundifunsa ngati kugwiritsa ntchito Chichewa sikuchedwetsa ana kuzolowera Chingerezi. Ndinavomera kuti ngoziyo ilipo ngati mphunzitsi akhazikika pomwepo chaka chonse, ndipo ndinati chimodzi mwa zimene ndikufuna kukaphunzira n'chakuti mwana umamusiyitsa liti ndodo ya Chichewayo. Funso lomaliza linali la zimene ndidzachite ndikadzabwerako. Sindinalonjeze kusintha maphunziro a dziko lonse. Ndinanena za aphunzitsi a m'boma lathu ndi a ku Tsangano, ndi za achinyamata amene akuphunzira uphunzitsi, amene amabwera kudzayeserera m'makalasi athu atanyamula njira za m'buku zosalingana ndi kalasi ya ana 70.

Yankho linafika mu Juni. Ndinaliwerenga ndili kumsika, ndikugula tomato, ndipo ndinachoka osatenga chenji mpaka mayi wogulitsayo anandithamangira.

Zotsala zinali zothamanga. Kalata ya yunivesite ndinali nayo kale chifukwa IELTS ndi zomasulira zinali zitapita. Viza ya ku Britain ya miyezi yopitirira isanu ndi umodzi imafuna kuti munthu wochokera ku Mozambique ayezedwe chifuwa chachikulu ku chipatala chimene iwo anavomereza, ndiye ulendo wa Maputo unabweranso, pamodzi ndi kukajambulitsa zala. Chinanso ndi chilolezo cha kuntchito. Mphunzitsi wa boma sangonyamuka. Umalemba kalata yopempha imene timati requerimento, imadutsa kwa a Direkitala, kupita ku ofesi ya maphunziro ya boma lanu, mpaka ku chigawo. Ine ndinailemba nditangoitanidwa ku mafunso, yankho la bolsa lisanabwere, ndipo ndi zimene zinandipulumutsa. Kumbukiraninso kuti ku Britain amatsegulira mu Seputembala, pomwe ife chaka chimatha chakumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala. Ndiye kuti umawasiya ana pa teremu yachitatu, mayeso ali pafupi. Zimenezi zinandiwawa kuposa mtunda wa Maputo.

Apongozi anga atamva kuti ndikakhala chaka chathunthu anangofunsa chimodzi: "Nanga kumeneko ufa mukaupeza, mwana wanga?" Kenako anati ana atsala nawo, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Tsiku lomaliza kusukulu ndinapereka kope la mawu lija kwa mnyamata amene anatenga makalasi anga, yemwe anali atangomaliza kumene maphunziro a uphunzitsi. Analitsegula n'kuyamba kuwerenga mokweza, tebulo, shati, sitolo. Mtsikana uja wa kumbuyo, amene tsopano anali kalasi 11, anaimika dzanja n'kunena kuti pa tsamba lachitatu pakusowa "wilibala". Mnyamatayo anapempha cholembera changa n'kulembapo.